Galu wanu akupanga phokoso lachilendo? Chitani izi musanalowetse dzanja mkamwa mwake

Chaka chatha mu Okutobala fumbi litavuta kwathu kuno ku Zolozolo mu mzinda wa Mzuzu, galu wanga Bruno anangoima pakhonde atatambasula khosi nkuyamba kukoka mpweya ndi mphuno mwamphamvu, khoo khoo khoo, ngati kankhumba. Aneba anga anabwera akuthamanga, "achimwene galu wanuyu watsamwidwa fupa, mtseguleni kukamwa tichotse!" Mtima unali m'mwamba koma ndisanamugwire zinasiya zokha, iye nkuyamba kugwedeza mchira ngati palibe chachitika. Kuyambira tsiku limenelo ndinaphunzira kumvetsera kaye, ndipo nazi zomwe ndimachita.

Choyamba musamugwire kukamwa. Imani chapatali pang'ono, tulutsani foni mujambule vidiyo. Agaluwa mukafika nawo kwa dokotala wa ziweto amakhala phee, ndiye inu mumavutika kufotokoza kuti amalira bwanji, pomwe vidiyo ya masekondi 20 imamaliza nkhani yonse.

Kenako onani ngati mpweya ukulowa kapena ukutuluka, apa mpamene pagona nkhani. Ngati akukokera mkati ngati Bruno uja, kumeneko ndi kuyetsemula chobwerera mkati, chimayamba fumbi, utsi wa mbaula, mungu wa maluwa kapena unyolo ukamukoka pakhosi zikamuyabwa kuseri kwa mphuno. Nthawi zambiri sizifika ndi mphindi imodzi yomwe. Ngati ndi galu wanu wobayitsa katemera wa chiwewe ndipo mukumudziwa bwino, msisiteni pakhosi pang'onopang'ono kuti ameze malovu, zimatha. Zikamabwera tsiku ndi tsiku kapena mphuno ikutuluka mamina kapena magazi ndiye apo mukamuonetse.

Koma ngati mpweya ukutuluka, akutsokomola chouma kenako nkumakhala ngati akufuna kusanza koma kungotuluka tithovu toyera, chimenecho nthawi zambiri ndi chifuwa chopatsirana cha agalu. Chimafala agalu akamasakanikirana, monga aja amayenda gulu usiku kutsatira galu wamkazi. Mpatuleni kwa anzake, mvuleni chomangira pakhosi, ndipo poti Mzuzu mukuidziwa kuzizira kwake mu Juni ndi Julayi ndi kamvula kowaza kaja, asagone pa simenti, muyalireni saka kapena bulangete lakale pamalo ouma. Akasiya kudya, akafooka kapena patapita sabata osasintha, pitani naye ku ofesi ya za ziweto. Ndipo chonde chonde musamupatse Brufen kapena Panado wanu wa m'nyumba, mankhwala a anthuwa amaononga impso, chiwindi ndi m'mimba mwa galu, Brufen ndiye woopsa kwambiri.

Tsopano apa ndikufuna muwerenge mofatsa. Galu amene mumamudziwa mawu ake akangosintha kauwidwe, mawu asasa kapena akumveka achilendo, dovu likuchucha, chibwano chili lende, akulephera kumeza madzi, ganizani za chiwewe. Chiwewe chimapha minyewa ya pakhosi nchifukwa chake mawu amasintha, ndipo galuyo amaoneka ndendende ngati watsamwidwa fupa. Anthu amalowetsa dzanja mkamwa kufuna kumuthandiza osadziwa kuti kachilombo kali m'malovu momwemo, kabala kakang'ono pachala nkokwanira. Si agalu onse achiwewe amalusa ayi, ena amangokhala zii pakona. Mtsekereni pamalo pomwe ana ndi ziweto zina sangafike, inu osamukhudza, ndipo dziwitsani a za ziweto. Wina akalumidwa kapena malovu akamugwera pabala, tsukani ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15 zathunthu, osati kungopukuta, kenako thamangani kuchipatala tsiku lomwelo, kaya ku Mzuzu Central kaya chipatala chomwe muli nacho pafupi, mukafunse katemera. Chiwewe chikangoyamba kuonetsa zizindikiro mwa munthu sichichizika. Ine zimandiwawa kuona galu wa pakhomo pomwe pali ana sanabayitsepo katemera, pomwe ndi kamodzi pachaka basi. Pa 28 Sepitembala ndi tsiku lokumbukira za chiwewe padziko lonse, mutha kulitenga ngati tsiku lanu loonera khadi ya galu.

Maphokoso ena ndi osadetsa nkhawa. Kulira kwa usiku kuja, auuuu, komwe akuluakulu amati kukuitana maliro, agalu anatengera kwa makolo awo mimbulu, ndi njira yoitanirana patali. Mmodzi akayamba ku Chibavi anzake amayankha, ambulasi ikadutsa ikuliza sailini ena amayimba nayo. Koma galu yemwe amakhala pa unyolo tsiku lonse yekhayekha nkumalira choncho, ameneyo akudandaula, mmasuleni muyende naye madzulo muone kusintha. Akamalira timawu ting'onoting'ono ali mtulo miyendo ikugwedezeka, akulota, musamudzidzimutse angakulumeni mosadziwa. M'mimba mukamalira gulugulu nthawi zambiri ndi njala kapena wadya mothamanga, pokhapokha ngati mimba yatupa yalimba ngati ng'oma ndipo akuyesa kusanza osatuluka kanthu, pamenepo musadikire kuti kuche.

Kudzuma nako musamumenyere. Posewera amadzuma thupi lili lofewa mchira ukugwedezeka, koma akauma thupi mano ali panja, akukuuzani kuti tasunthani kapena pena pake pakumupweteka. Mukamamukwapula pa chimenechi tsiku lina adzaluma osachenjeza, ndipo kawirikawiri amene amalumidwa ndi mwana.

Chomaliza chomwe ndimachita ndikakaikira ndi kuwerenga mapumidwe ake akagona. Yang'anani chifuwa, kukwera ndi kutsika muwerenge kamodzi, kwa mphindi imodzi. Galu wabwinobwino sapitirira 30. Mukapeza akupitirira nthawi ndi nthawi, kapena nkhama zake zayera kapena zachita bii m'malo mofiirira, tengani vidiyo ija ndi khadi yake ya katemera mupite naye tsiku lomwelo.