Momwe mungayambitsire gulu lowerenga mabuku ku laibulale

Ambiri amene amandifunsa za gulu lathu lowerenga mabuku amaganiza kuti chovuta ndi kupeza anthu. Anthu savuta. Mukangomata pepala pakhomo la laibulale, sabata isanathe mayina adzaza tsamba. Chimene chimagwetsa magulu otere ndi bukulo: kulisankha, kenako kupeza makope okwanira aliyense.

Yambani ndi kukaonana ndi woyang'anira laibulale. Za khadi la umembala sindinenapo, ndikukhulupirira muli nalo kale. Mupempheni zinthu ziwiri: malo oti muzikumanapo kamodzi pamwezi, ndi mndandanda wa mabuku amene ali ndi makope angapo. Pitani pa nthawi imene mulibe anthu ambiri kuti mucheze modekha. Iyeyu ndiye amadziwa mabuku amene amabwerekedwa mpaka chikuto kuthothoka, ndi ena amene angodzala fumbi pa shelefu. Malangizo ake ine ndimawakhulupirira kuposa mindandanda ya pa intaneti, chifukwa akukuuzani za buku loti mutha kuligwira m'manja lero lomwe.

Mukatero, zoloweranani ndi timanambala ta pamsana pa buku. Malaibulale ambiri amatsata dongosolo limene Melvil Dewey anatulutsa mu 1876, logawa mabuku m'magulu khumi, kuyambira 000 mpaka 999. Zachipembedzo zili m'ma 200, zachipatala pa 610, zaulimi pa 630, mbiri yakale m'ma 900. Nthano, ndakatulo ndi masewero zili m'ma 800, ndipo zolembedwa m'zilankhulo za ku Africa zimakhala pa 896. Koma samalani: dongosololi limayang'ana chilankhulo, osati kwawo kwa wolemba, choncho nkhani yopeka ya mlembi wa ku Africa yolembedwa m'Chingerezi kawirikawiri muipeza pa 823. Malaibulale ena nkhani zopeka amangoziika pazokha motsata dzina la bambo la wolemba. Ine ndinazungulira mashelefu masana onse ndisanazindikire zimenezi.

Buku loyamba likhale lalifupi, losapitirira masamba 200, ndipo likhale loti anthu atha kukanganirana. Musasankhe lokondedwa lanu, mudzapsa mtima anthu akalinyoza. Tengani atatu pa mndandanda uja, gulu livote.

Tsopano pano ndi pomwe tinagwa chagada. Ife tinavota tisanawerenge makope. Buku limene linapambana, laibulale inali nalo makope atatu okha, pomwe ife tinalipo khumi ndi anayi. Mnzathu wina anati akudziwa munthu wogulitsa mabuku m'mbali mwa msewu, mtengo wake wosafika ndi theka lomwe la wa m'sitolo. Tinasonkha ndalama, sabata isanathe mabuku anafika, zikuto zonyezimira bwinobwino. Palibe anatsegula m'kati. Ine ndinachita kumuyamika mnzathuyo pamaso pa onse.

Tsiku lokumana, wotsogolera anati titsegule tsamba 87 tiwerenge ndime yachiwiri. Atatu a makope a laibulale anawerenga zina, ena tonsefe zina. Tinaseka, nkupitirira. Posakhalitsa amayi awiri anayamba kukangana za chimene chinachotsa mtsikana wa m'nkhaniyo pakhomo pa makolo ake. Wina akuti bukulo silinanene, mnzake akuti lanena momveka, kodi mwawerengadi inu? Mawu anakwera ndithu. Titayerekeza mabuku awo, tinapeza kuti kope logulalo linalumpha masamba khumi ndi asanu ndi limodzi, ndipo m'malo mwake mutu wina unabwerezedwa kawiri. Tonse titafufuza athu, asanu anali ndi vuto lomwelo. Anali mabuku achinyengo, ojambulidwa pa makina nkumatidwa ndi guluu wa ziii. Langa linayamba kuyoyoka masamba mwezi usanathe. Wogulitsa uja titamubwerera anangoti katundu akachoka sabwezedwa. Mayi amene anafunsidwa ngati anawerengadi uja sanabwerenso, ndipo anapita ndi anzake atatu.

Kuyambira pamenepo timachita chonchi. Tisanavote, timawerenga makope amene alipo, ndipo timafunsa ngati laibulale ingabwereke ena ku nthambi zake zina. Akaperewerabe timasinthana, aliyense masabata awiri. Tikamagula, timalemba nambala ya ISBN ya kope la laibulale, ija imakhala kuseri kwa buku pamwamba pa timizere takuda. Kuyambira 2007 imakhala ya manambala 13, yoyamba ndi 978 kapena 979, pomwe mabuku akale ali ndi ya manambala 10. Buku limodzi lomwelo likatulutsidwa ndi osindikiza awiri, kapena likakonzedwanso, limakhala ndi ISBN yosiyana, ndipo kawirikawiri masamba ake sagwirizana. Koma ISBN yokha siingakupulumutseni kwa akathyali, poti iwo amajambula chikuto chonse ndi nambala yomwe. Litseguleni bukulo musanapereke ndalama. Onani ngati zilembo zili zofufuma kapena mizere yapendekeka, ngati pepala likuonetsa zolembedwa kuseri kwake, ndipo yendetsani chala pa manambala a masamba kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Wogulitsa akayamba kukufulumizitsani, musiyireni buku lake. Paja wolemba sapezapo kanthu pa makope oterewa, ndiye si zoti gulu lokonda mabuku lizilimbikitsa.

Njira yachidule yomwe ndinaiphunzira mochedwa: pogawana zowerenga, tchulani mitu, osati masamba. Mukati “tiwerenge mpaka mutu wachisanu”, aliyense afika malo amodzi ngakhale makope asiyane.

Ngati ndalama palibiretu, mabuku akale amene umwini wake unatha amapezeka ulere pa intaneti, pa laibulale yotchedwa Project Gutenberg, yomwe inayamba mu 1971, kungoti ambiri ndi a Chingerezi ndipo kuwerengera pa foni kumatopetsa maso. Ma PDF oyendayenda pa WhatsApp aja ndi abale ake a wogulitsa wathu uja, nawonso amadumpha masamba.

Za kukumanako sizovuta. Ola limodzi ndi theka ndi lokwanira. Wotsogolera azisintha mwezi ndi mwezi, abwere ndi mafunso asanu. Funso loti “kodi lakusangalatsani?” lisakhalepo, aliyense amangoti eya nkukhala chete. Funsani kuti wolakwa ndani m'nkhaniyi, muona anthu akudzuka. Wolongolola sasowa pagulu, mumupatse ntchito yosunga nthawi.

Gulu likakhazikika, woyang'anira laibulale adzayamba kukupemphani kuti muthandize pa zochitika zina, monga kuwerengera ana nthano. Nkhani zaulere za zithunzi m'zilankhulo za ku Africa zili pa intaneti, pa tsamba la African Storybook. Pa 23 Epulo pamakhala tsiku lokumbukira mabuku padziko lonse, limene UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe, inakhazikitsa mu 1995, ndipo pa 8 Seputembala ndi la kulemba ndi kuwerenga. Masiku amenewo ndi abwino kuitanira anthu atsopano. Zina zonse muzionera komweko. Mabuku a laibulale aja alembedwe m'dzina la wowerenga aliyense payekha, osati onse pa khadi lanu, apo ayi chindapusa cha ochedwa kubweza chidzagwera inu.