Kusamala masilinda a ndeke yaing'ono kuno ku Chipata

Ndeke yathu ya Cessna ya injini ya Lycoming imauluka pakati pa Chipata ndi Mfuwe, ndipo chimene ndimaopa kwambiri ndi dzimbiri. Ndeke ikangokhala pansi m'dzinja, chinyezi chimadya mkati mwa masilinda. Kuiliza pabwalo mphindi zochepa sikuthandiza, kumangowonjezera madzi mu oilo. Iulutseni ola lathunthu kuti oilo atenthe bwinobwino.

Poyeza compression, kutanthauza kuona ngati silinda ikusunga mpweya osatayika, injini ikhale yotentha. Makaniko wa laisensi amapopera mpweya wa 80 psi (muyeso wa mphamvu ya mpweya) mu silinda, pisitoni ili pamwamba, mnzake atagwiritsitsa propela, chifukwa ikapulumuka imathyola mkono. Geji ikatsika pansi pa 60, tcherani khutu. Mpweya ukamveka ukutuluka ku ekizozi, vuto ndi valavu. Ukamveka pothirira oilo, ndi maring'i a pisitoni. Koma musathamangire kumasula silinda, abale anga, ndalama zake n'zowawa. Yambani mwasuzumira mkatimo ndi borescope, kachipangizo koonera mkati mwa injini, kenako muiulutse pang'ono muyezenso.

Mu Okutobala kuchigwa cha Luangwa kumatentha koopsa. Pokwera m'mwamba maso anga sachoka pa CHT, geji yoonetsa kutentha kwa mitu ya masilinda, sindilola ipitirire 400°F, ndipo mphira za baffle, zolozera mphepo yoziziritsa ku masilinda, zikang'ambika ndimasintha msanga. Fumbi nalonso limakwecha masilinda, choncho fyuluta ya mpweya ndimaiona ndisananyamuke. Oilo timasintha ndeke ikauluka maola 50.