Kumanga kamsewu ka ku Joni pa thabwa

Amene munakulira kumudzi musandiuze kuti ntchito iyi ndi yachilendo. Tonse tinapindapo galimoto za waya, tinaumbapo ng'ombe za dothi, ena mpaka tinkamanga tinyumba ta mapesi n'kufolera ndi udzu. Chimene amachitcha diorama n'chomwecho, kungoti pano rula sichoka m'manja: kachigawo ka msewu, nyumba imodzi kapena ziwiri, mpanda ndi mtengo, zonse zochepetsedwa ndi muyeso umodzi n'kuzikhazika pa thabwa. M'masitolo a zoseweretsa kuno ku Joni muli tinyumba ta pulasitiki tongolumikiza, koma mtengo wake ndi woboola m'thumba, ndipo tambiri timaoneka ngati ta m'midzi ya ku Germany kapena England. Spaza, okala ya kuno, simuipezamo, ngakhale chipinda cha kuseri chimene ambirife timachita lendi. Malangizo awa ndi a munthu wofuna kumanga yekha, ndi makatoni ndi zotayidwa, msewu umene amaudutsa tsiku ndi tsiku ku Rosettenville, Yeoville, Mayfair kapena Diepsloot.

Musanadule kanthu, sankhani sikelo. Okonda tisitima toseweretsa amagwiritsa ntchito kwambiri 1:87, imene amaitcha HO, kapena 1:160, imene amaitcha N. Ine kwa oyamba kumene ndimalimbikitsa 1:64, chifukwa tigalimoto tachitsulo ta ana, ta Hot Wheels ndi Matchbox, tili chapompo, ndipo timapezeka paliponse. Tanthauzo lake n'losavuta: muyeso weniweni m'mamilimita mugawe ndi 64. Mita imodzi imatuluka mamilimita 16 osakwana pang'ono. Munthu wamtali mita 1.7 amakhala mamilimita 27. Tembenuzani kagalimoto kanu muone pansi pake, nthawi zina sikelo imalembedwa pamenepo, chifukwa opanga amachepetsa lole kwambiri kuposa kagalimoto kakang'ono kuti zonse zikwane m'paketi yofanana.

Sikelo yomweyi ikuuzani chimene simuyenera kuyamba nacho. Aliyense amafuna Ponte poyamba, nyumba yosanja yozungulira ija ya mu tauni. Koma Ponte ndi yaitali mamita 173, ndiye pa 1:64 ifika mamita 2.7, kuboola siling'i ya chipinda chanu. Nsanja ya Hillbrow, ya mamita 269, ipitirira mamita 4. Pamene nyumba ya zipinda zinayi ya ku Soweto, ija ya pulani ya 51/6 imene anthu amaiyerekeza ndi bokosi la machesi, ndi ya masikweya mita pafupifupi 40, ndiye chifanizo chake chimakhala cha masentimita 10 mbali zonse, chokwana m'chikhatho. Thabwa lofanana ndi pepala la A4 limakupatsani malo a mamita 19 m'litali ndi 13 m'lifupi: nyumba, mpanda, njira ya apansi ndi theka la msewu. Pa ntchito yoyamba n'zokwanira.

Mnyamata wina wa kwathu amene amakhala ku Turffontein anandibweretsera spaza yake yoyamba ataikulunga bwinobwino m'jumbo. "Ankolo, taonani, ndamaliza." Penti inali yabwino, chikwangwani chinali chabwino. Ndinatenga kaminibasi kanga n'kukaimika pakhomo. Mnyamatayo anayang'ana, kenaka anakanda m'mutu. "Ankolo, galimoto yanuyi ndi yaing'ono." Ndinamupatsa rula kuti ayeze chitseko chake. Mamilimita 50. Kuchulukitsa ndi 64, chitseko cha mamita 3.2, cholowera nyamalikiti. Galimoto inalibe mlandu. Chitseko wamba cha nyumba za kuno ndi mamilimita 2032 kutalika ndi 813 m'lifupi, ndiye pa sikelo yathu chikhale 32 ndi 13. Dulani kakatoni ka muyeso umenewu, dulaninso kamunthu ka mamilimita 27, muziika pambali pa chilichonse chimene mukupanga. Diso la munthu limakhululuka zambiri, koma chitseko cholakwika limachiona nthawi yomweyo, chifukwa tonse timadziwa kutalika kwa chitseko ndi thupi lathu lomwe.

Nanga nyumba yeniyeniyo muyiyeza bwanji, poti simungakwere pa khoma la eni ndi tepi? Ijambuleni mutaima kutsogolo kwake ndendende, osati chammbali, kenaka werengani njerwa. Njerwa wamba ya kuno ndi mamilimita 222 m'litali ndi 73 kutalika. Kuphatikiza matope, mzere umodzi umakwera pafupifupi mamilimita 85. Mizere 30 ndi mamita awiri ndi theka, ndiwo mamilimita 40 pa thabwa lanu. Ngati khoma ndi lopulasitala, chitseko chikhale rula yanu pa chithunzicho. Koma pemphani kaye kwa eni nyumba, ndipo kuno ndi ku Joni, foni musaionetse nthawi yaitali pamsewu.

Makoma pangani ndi katoni yopyapyala yolimba, ngati ya mabokosi a Weet-Bix kapena a tiyi. Katoni ya mabokosi akuluakulu, ija yokhala ndi mizere mkati, isiyeni, m'mphepete mwake mumaonekera mabowo. Khoma lenileni la njerwa ziwiri ndi lochindikala mamilimita 220, kutanthauza atatu ndi theka pa sikelo yathu, choncho matani makatoni angapo pamodzi, muwatsendereze ndi mabuku usiku wonse. Kuchindikalaku kumaoneka pa mazenera ndi pa khomo, ndipo ndi kumene kumasiyanitsa nyumba ndi bokosi lopakidwa penti. Boolani mazenera khoma likadali chigonere patebulo, musanaliimike. Rula ikhale yachitsulo, mpeni ukhale wakuthwa, ndipo musakanikize kuti mudule kamodzi. Dutsani mopepuka kanayi kapena kasanu. Mpeni wobuntha ndi umene umatema chala, chifukwa umakukakamizani kuika mphamvu. Poimika, matani timakona ta katoni mkati mwa ngodya iliyonse, ndipo penti yoyamba pakani mbali zonse ziwiri. Katoni yopakidwa mbali imodzi imapindika ikamauma.

Za njerwa ndinene mosabisa: oyamba ambiri amazikulitsa. Pa 1:64 njerwa ndi mamilimita atatu ndi theka m'litali, mzere uliwonse milimita imodzi ndi pang'ono. Kulemba khoma lonse chotero kumafuna maso ndi kuleza mtima. Njira yabwino ndi timbale toyera ta polystyrene tija amaikamo nyama m'masitolo. Tsukani ndi sopo, dulani pansi pake posalala, kenaka dindani mizere ndi msana wa mpeni kapena pensulo yosongoka. Ngati zakukanikani, pangani khoma lopulasitala, njerwa zionekere pokhapo pamene pulasitala wagamuka, cha m'munsi ndi pa ngodya. Kumeneko si kuzemba ntchito, nyumba zambiri za ku Yeoville zili choncho. Mabuloko a simenti ndi osavuta, amakhala mamilimita 6 ndi 3. Mpanda wa masilabu uja anthu a kuno amautcha stop nonsense ndi wosavutanso kuposa onse: timizere ta katoni ta mamilimita 5 tosanjikiza pakati pa timitengo ta machesi.

Guluu woyera wa akalipentala ndiye mnzanu pa katoni, pa mtengo ndi pa polystyrene. Supagulu ndi penti yopopera zisayandikire polystyrene. Ine ndinaphunzira ndi misozi. Ndinakhala madzulo atatu ndikudinda njerwa za khoma la sitolo, kenaka chifukwa cha changu ndinalipopera penti ya m'chitini. Ndikuyang'ana chonchi, khoma linayamba kuchita matuza, njerwa zikusungunuka ngati shuga mu tiyi, mpaka linatsala chikakamba chokwinyika. Mankhwala osungunulira penti imeneyo amadya polystyrene. Gwiritsani penti ya acrylic, yosungunula ndi madzi. Supagulu ilinso ndi khalidwe lina loipa: nthunzi yake imayeretsa pulasitiki yoonekera. Choncho magalasi a mazenera, amene mungadule ku mapaketi a mabatire kapena a miswachi, matani ndi kadontho ka guluu woyera. Ndipo zenera la ku Joni lopanda zitsulo zotchinga akuba ndi bodza. Waya woonda wowongoka bwino, wopakidwa penti yoyera kapena yakuda, akwanira.

Malata ndiye gawo limene ndimalikonda. Mizere ya lata wamba imatalikirana mamilimita 76, ndiye pa 1:64 ndi milimita 1.2. Mwamwayi, mazinga a bawuti ya M8, yonenepa mamilimita 8, amatalikirana milimita 1.25. Tengani aluminiyamu wa timbale togulitsiramo zakudya, muwongole ndi msana wa supuni, muyale pa labala kapena pa nyuzipepala zingapo, kenaka gubuduzani bawutiyo pamwamba mukukanikiza ndi kathabwa. Mizere ituluka yokha. Dulani malata a mamilimita 12 m'lifupi, mufolere limodzilimodzi kuyambira m'munsi, lina likukwera pa linzake monga amachitira amisiri. Musafolere ndi chipepala chimodzi chachikulu. Lata lina lipotoke pang'ono, lina likhale la mtundu wina ngati lidagulidwa chaka china. Dzimbiri silimera paliponse: limayambira pa misomali, polumikizana malata ndi m'mphepete mwa m'munsi, n'kutsika motsatira madzi. Pa shaki onjezani timiyala ndi tayala lakale pamwamba.

Msewu musaupake wakuda bii. Tala wakale ndi wotuwa, wakuda amakhala pokhapo pamene akonza posachedwa kapena pamene matekisi amadontheza oilo. Sandipepa wosalala, wa nambala 400 kapena chapompo, amapereka maonekedwe abwino. Mbali imodzi ya msewu ndi mamita atatu ndi theka, ndiwo mamilimita 55, ndipo chikweza cha njira ya apansi chisapitirire mamilimita awiri kapena atatu. Mzere wa pakati ndi woyera, wa m'mphepete mwa misewu ikuluikulu ndi wachikasu, ndipo galimoto ziyende kumanzere monga kwathu. Dzenje limodzi pamsewu likhalepo, apo ayi palibe akhulupirire kuti ndi kuno.

Dothi tapani lenileni, katondo wofiira wa kuno. Liumitseni pa moto mu poto wakale kuti tizilombo tife, lisefeni ndi sefa ya tiyi. Pakani guluu pa thabwa, wazani dothilo, kenaka donthezani guluu wosungunula, gawo limodzi la guluu ku magawo awiri a madzi, ndi kadontho kamodzi ka Sunlight wotsukira mbale. Popanda sopoyo madzi amangokhala timipira pamwamba pa fumbi osalowa pansi. Dothi lotsala musataye. Losalala kwambiri lija lipakeni louma ndi burashi m'munsi mwa makoma, pamene mvula ya mabingu imathovukira.

Kukalambitsa nyumba kuli ndi njira ziwiri. Yoyamba, sungunulani penti yakuda yosakaniza ndi yofiirira mpaka ikhale ngati tiyi wopanda mkaka, muipake ponseponse kuti ilowe m'ming'alu, n'kupukuta pamwamba. Yachiwiri, viikani burashi yolimba mu penti yowala, muipukute pa nsanza mpaka ioneke ngati yauma, kenaka sesani mopepuka pa ngodya ndi pa mizere ya malata. Pang'onopang'ono. Kuonjezera n'kosavuta, kuchotsa ndiye ntchito. Zikwangwani ndi timapepala tomatidwa pa mapolo, jambulani zenizeni, mukasindikize zing'onozing'ono pamalo osindikizira, kenaka palani kuseri kwa pepala ndi sandipepa kuti lipyapyale, limatike ngati lalembedwa pa khoma pomwepo.

Sankhaninso nyengo imodzi. Jacaranda amachita maluwa mu Okutobala ndi Novembala. Ngati mwaika mtengo wa maluwa a pepo, musaike pambali pake udzu wopserera wa mu Julayi. Thunthu lake potani waya wa kopa wa m'chingwe cha ketulo yakufa, osati wa m'mapolo a mumsewu, chonde, mdima watikwana kale. Nthambi zipatukane cha pamwamba, muzimate zinyenyeswa za siponji yonyikidwa mu penti, ndipo zina muwaze pansi pa mtengo ndi pa denga la galimoto yoimikidwa pamenepo.

Okonda sitima, sikelo iyi ili ndi mphatso yanu. Njanji za Metrorail, monganso za kwathu ku Malawi, ndi zotalikirana mamilimita 1067. Kugawa ndi 64 kumapereka 16.7, pamene njanji za HO zogulitsidwa m'masitolo ndi 16.5. Kusiyana kwake diso silingakuone. Gautrain yokha ndiyo ili pa njanji yotakata, ya mamilimita 1435. Ofuna Joni wakale, wa nthawi ya matramu, sitima zoyenda m'misewu ya m'tauni, amene anasiya kuyenda mu 1961, pitani ku James Hall Museum of Transport pa Rosettenville Road mukaone enieniwo, kope ndi pensulo zili m'manja.

Mukamaliza diorama yanu, ivindikireni. Mphepo ya mu Ogasiti imalowetsa fumbi ngakhale zenera lili lotseka, ndipo mphemvu zimakonda katoni. Bokosi la pulasitiki loonekera, lovundikira pamwamba, likwanira. Pojambula, itulutseni panja m'mawa kapena chakumadzulo dzuwa litapendeka, foni muitsitse mpaka ifanane ndi mutu wa kamunthu kanu ka mamilimita 27, kumbuyo kuonekere thambo lenileni. Mnyamata wa ku Turffontein uja atakonza chitseko chake anajambula chonchi n'kutumiza pa WhatsApp kwa mayi ake ku Mangochi. Yankho linabwera madzulo omwewo: "Mwanawe, watsegula okala osatiuza?"