Mukapita kukacheza ku Chicago n'kukaonera baseball

Ngati anzanu a ku Chicago akuitanani kuti mukacheze kenako mukaonere baseball (masewero omenya kampira ndi ndodo) ya timu ya Cubs kubwalo lake la Wrigley Field, afunseni kaye timu yomwe amasapota. Ambiri okhala kumwera kwa mzindawo ndi a timu ina, ya White Sox, ndiye musakafike pakhomo pawo mutavala kale chipewa cha Cubs.

Galimoto isiyeni kwa anzanuwo. Bwaloli, lomwe linatsegulidwa mu 1914, lili pakati pa nyumba za anthu, ndipo malo oimikapo galimoto ndi ochepa komanso odula. Kwerani sitima ya Red Line n'kutsikira pa siteshoni ya Addison, bwalo lili pompo. Matikiti amakhala pafoni, mu app ya MLB Ballpark, choncho tchajani foni musananyamuke. Chikwama chobereka kumsana amachibweza pageti, ndipo m'kati mumalipira ndi khadi, ndalama zamanja salandira.

Masewero amakhala ndi zigawo 9. Chiyambire 2023, pomwe anaika wotchi yofulumizitsa woponya mpira, ambiri amatha maola atatu asanakwane. Komabe baseball ndi yodekha, macheza amapitirira bwinobwino muli pampando, ndipo anzanuwo azikufotokozerani malamulo pang'onopang'ono. Mu Epulo ndi Meyi tengani jekete: mphepo yochokera kunyanja ya Michigan imazizira zedi ngakhale dzuwa likuwala.