Mukufuna kukhala lekichala wa masamu ku yunivesite? Ziyendetseni chonchi

Choyamba ndi mapepala, apa palibe chidule. Digiri yoyamba siyokwana, mufunika masters kenako PhD ngati mukufuna kudzakwera mpando. Ndalama zikavuta yesani AIMS (African Institute for Mathematical Sciences), sukulu ya masamu yomwe katswiri wa physics Neil Turok anayambitsa ku Cape Town mu 2003, amaphunzitsa masters ya chaka chimodzi pa sikolashipu. Posankha supavaiza musatengeke ndi dzina lokha, funsani omwe anadutsa m'manja mwake ngati amayankha maimelo komanso ngati anamalizadi.

Mukalowa ntchito mupeza kuti ndi ntchito zitatu pa malipiro amodzi, kuphunzitsa, kafukufuku ndi kufikitsa masamu kwa anthu akunja kwa kampasi. Vuto lake kuphunzitsa kumadzikumbutsa kokha, kalasi ya calculus ya chaka choyamba ikakwana nthawi mupita mufune musafune, mapepala oti muchonge ali mulu pa desiki, koma theorem yomwe munaisiya pakati palibe amene adzagogode pa ofesi kukufunsani, chonsecho pa promoshoni amawerenga zomwe mwasindikiza. Ndiye sankhani m'mawa wa masiku awiri pa sabata, mulembe pa taimutebulo ngati kalasi, foni muzimitse, miting'i muikane. Masamu safuna mphindi 20 apa 20 apo, amafuna maola angapo mutu uli pamodzi.

Phunzirani msanga LaTeX, pulogalamu yotaipira masamu pa kompyuta, majenale a masamu ndi yomwe amayembekezera. Pepala likatha liikeni pa arXiv, webusaiti yoikapo mapepala a kafukufuku yomwe inayamba mu 1991, kuti anthu aliwone pomwe mukudikira ma referee, akatswiri omwe amaunika pepala jenale isanalisindikize, chifukwa ameneo amatha kukhala nalo chaka chathunthu. Mukalemba ndi anzanu mayina amasanjidwa motsata alifabeti, musakhumudwe ngati lanu lili kumapeto. Ndipo jenale yomwe yakutumizirani imelo yokuyamikirani nkulonjeza kusindikiza m'masiku ochepa mukalipira, thawani, imeneyo ingokuipitsirani CV.

Musamadziderere poti ndinu lekichala chabe. Yitang Zhang anali lekichala ku University of New Hampshire, osadziwika kwenikweni, pomwe mu 2013 anatsimikizira kuti pali ma prime (manambala omwe amangogawika ndi 1 komanso iwo eni) awiriawiri osatha omwe kusiyana kwawo sikufika 70 miliyoni.

Mkalasi gwiritsani bolodi kuposa ma slide. Choko chimakuchedwetsani, ndipo kuchedwako ndi komwe ophunzira akufuna, aone proof ikubadwa mzere ndi mzere. Yambani ndi chitsanzo definishoni ibwere pambuyo, makamaka pa epsilon ndi delta, definishoni ya limit mu calculus, pomwe ambiri amagwera. Mukafunsa kuti "mwamva?" onse avomera ngakhale asanamve kanthu, bola apatseni funso limodzi achite pompo muzungulire muone makope. Manotsi alembeni bwino chaka choyamba, akupulumutsani zaka zotsatira.

Za kunja kwa kampasi musatenge zambiri, sankhani chimodzi. Mutha kukonzekeretsa ana a sekondale mpikisano wa Olympiad, kapena kukayankhula pa 14 Malichi, tsiku la masamu padziko lonse lomwe UNESCO inavomereza mu 2019. Kwa ine chaphindu kwambiri ndi kukhala pansi ndi aphunzitsi a sekondale, mmodzi yekha amafikira ana ambiri kuposa inu. Chilichonse mwachita lembani deti, malo ndi chiwerengero cha omwe anabwera, komiti ya promoshoni imafuna umboni.