Dalaivala anakana kutsitsa skip pamsewu: mmene ndinakonzera

Tikukonza khitchini kuno ku England, matailosi osweka ndi makabati akale zinadzaza pakhomo mpaka ana kusowa podutsa. Ndinabwereka skip, chibini chachitsulo chija chimabwera pa lole. Dalaivala atafika anangoyang'ana malo n'kukana kutsitsa. Nyumba yathu ilibe driveway (malo oimika galimoto pakhomo), ndiye skip ikanakhala pamsewu, chilolezo palibe.

Ndinapempha aneba kuti tiyike kwawo, poti pamalo a munthu sipafunika chilolezo. Anavomera, koma geti inachepa. Ndinayesanso kufunsira ndekha pa webusaiti ya khonsolo, osatheka: kwathu kuno pempho limachokera ku kampani ya skip.

Choncho ndinaimbira kampaniyo kuti ifunsire skip permit, chilolezo choika skip pamsewu. Lamulo lake ndi Highways Act 1980, gawo 139, ndipo kuika skip pamsewu popanda chilolezo chindapusa chimafika £1,000.

Chimene chikanandigwetsa ndi ichi. Msewu wathu ndi wa residents' parking (malo oimika galimoto ndi a anthu okhala m'deralo omwe ali ndi chilolezo), ndiye chilolezo cha skip pachokha sichinali chokwanira. Pankafunikanso parking suspension, kuti malo oimika galimoto atsekedwe masiku amenewo. Zinthu ziwiri, malipiro awiri. Ndinajambula chithunzi cha malowo ndi chikwangwani cha parking, n'kutumiza ku kampani kuti afunsire zonse pamodzi. Mtengo umasiyana khonsolo ndi khonsolo, funsani musanalipire skip.

Itabwera, ndinaonetsetsa kuti ili ndi nyali zausiku, zonyezimira, dzina la kampani ndi foni yake. Firiji yakale ndi zitini za penti a kampani sanalole kuponyamo, ndinakazisiya ndekha ku tip, malo a khonsolo otayako zinyalala.