Kuyeza seramu mu labu: yambirani pa chubu

Ophunzira akafika mu labu yathu kuno ku Mzuzu amathamangira pa benchi yoyezera. Ine ndimawabweza kaye pa mpando wotengera magazi, chifukwa zotsatira zolakwika zambiri zomwe ndaonapo zinayambira pamenepo, mankhwala oyezera asanatuluke n'komwe mu furiji.

Pa kuyeza kwa mtundu uwu, kawirikawiri sitisaka kachilombo kenikeniko. Timasaka ma antibody, omwe thupi limapanga likakumana ndi matenda monga chindoko kapena HIV. Amapezeka mu seramu, madzi achikasu aja amene amatsala magazi akaundana.

Valani magolovesi, mufunse wodwalayo dzina lake, anene yekha, ndipo mulembe pa chubu iye ali pomwepo. Kuno a Gondwe, a Nyirenda ndi a Mhango amatha kukhala angapo pa mzere umodzi, choncho nambala ndi tsiku zisasowe. Tengani chubu cha chivindikiro chofiira, chopanda mankhwala oletsa magazi kuundana. Chingwe chomanga pa mkono chisapitirire mphindi imodzi, ndipo spiriti aume musanabaye. Ngati mwagwiritsa ntchito sirinji, musakankhe magazi mwamphamvu kudzera pa singano. Maselo ofiira amaphulika, seramu n'kufiira ngati madzi otsukira nyama. Yoteroyo musayeze. Pepesani, mutengenso ena.

Kenako imikani chubu pa thebulo mphindi 30 mpaka 60 kuti magazi aundane. Apa ndi pomwe anthu amataya mtima, makamaka namwino akaima pa khomo kudikira. Mukafulumira kupukusa chubu mu centrifuge, makina olekanitsa seramu ndi magazi oundana, mu seramu mumatsala tiulusi toundana, ndipo pa khadi loyezera timaoneka ngati munthu ali ndi matenda. Mu centrifuge ikani machubu moyang'anizana, olemera mofanana, azungulire pafupifupi mphindi 10. Pomaliza yamwani seramu ndi pipette, kachubu koyamwira madzi, osakhudza magazi a pansi. Ngati simuyeza tsiku lomwelo, isungeni pa 2 mpaka 8°C kwa masiku ochepa, kapena pa -20°C ikakhalitsa. Kuisungunula ndi kuiumitsanso kangapo kumawononga ma antibody, ndiye magetsi akazima usiku, m'mawa yambani ndi kuwerenga thermometer ya mu furiji.

Tiyeni titenge RPR, yoyezera chindoko, poti ndi imene imaphunzitsa manja. Khadi lake lili ndi mabwalo a mamilimita 18. Pa bwalo limodzi ikani ma microlitre 50 a seramu, muyale mpaka m'mphepete. Gwedezani pang'ono kabotolo ka antigen, mankhwala amene ma antibody amagwirana nawo, kuti timakala tomwe tili m'menemo tisakanikirane, mudontheze dontho limodzi, kabotolo katayang'ana pansi chilili, osapendeka. Musatakase. Ikani khadi pa makina ogwedeza, muvindikire kuti lisaume, lizungulire ka 100 pa mphindi kwa mphindi 8. Muwerenge nthawi yomweyo pa kuwala kokwanira. Timakala tikagwirana n'kupanga timibulu takuda, ndiye kuti reactive, ma antibody aoneka. Tikangokhala tosalala totuwa, non-reactive. VDRL ndi njira ina yoyezera chindoko: imafuna seramu yotenthetsedwa pa 56°C kwa mphindi 30, pomwe RPR siifuna zimenezo.

Pali chinthu chomwe mnzathu wa ku Karonga kapena ku Nkhata Bay sachiganizira kwambiri. RPR imafuna chipinda cha 23 mpaka 29°C. M'mawa wa Juni kapena Julaye kuno ku Mzuzu, nkhungu itakuta Katoto yense, benchi imazizira kuposa pamenepo. Kukazizira, timibulu timachedwa kupangika, ndipo munthu wodwala pang'ono amatuluka ngati alibe kanthu. Ine ndimatulutsa mankhwala mu furiji ndikangofika, ndiyatse chotenthetsera chipinda, ndipo sindiyeza magazi a munthu ndisanayeze ma control, seramu yomwe zotsatira zake timazidziwa kale. Control ya reactive ikaoneka yofooka, tsiku silinayambe.

Chaka changa choyamba ndinatulutsa non-reactive kwa mayi woyembekezera wochokera ku sikelo. A dokotala anabwera okha. "Achimwene, mayiwa ali ndi zidzolo m'manja ndi kumapazi. Tayezaninso." Ndinasungunula seramu ija ndi saline, madzi a mchere a mu labu, ndipo pa 1:16 khadi linada ndi timibulu. Ma antibody anali ochuluka kwambiri moti anatsekereza kugwirana, chomwe timachitcha prozone. Mayi aja analandira jakisoni wa benzathine penicillin tsiku lomwelo. Mpaka lero ndimaganizira mwana amene anali m'mimbamo, chifukwa chindoko chimapha makanda asanabadwe.

Kusungunulako n'kosavuta. Ikani ma microlitre 50 a saline pa bwalo lililonse, muonjezere 50 a seramu pa loyamba, musakanize, mutenge 50 kupititsa pa lachiwiri, chomwecho mpaka kumapeto: 1:2, 1:4, 1:8, 1:16. Bwalo lomaliza lomwe likuonetsa timibulu ndilo mulembe. Nambala imeneyi ndi yofunika kwa a dokotala, chifukwa ikatsika kanayi, monga kuchoka pa 1:16 kufika pa 1:4, amadziwa kuti mankhwala agwira ntchito. Kumbukiraninso kuti malungo ngakhale mimba imene zimatha kuonetsa reactive munthu alibe chindoko, n'chifukwa chake timatsimikizira ndi TPHA, kuyeza kwina kwa chindoko.

Timizere toyezera HIV natonso timafuna wotchi. Determine, mtundu umodzi wa timizereti, imawerengedwa pakapita mphindi 15, osapitirira 60, ndipo mzere wa control, woonetsa kuti kuyeza kwayenda bwino, ukapanda kuoneka, tayani mubwereze. Kamzere kamodzi kakaonetsa reactive simunamalize. Tsatirani ndondomeko yonse ya Unduna wa Zaumoyo munthu asanauzidwe kanthu.

Mukamaliza, singano zipite mu bokosi lake osazivindikiranso, benchi mupukute ndi klorini, ndipo mu kaundula mulembe nambala ya lot (gulu lomwe mankhwala anapangidwira limodzi), tsiku lothera mphamvu la mankhwala ndi zotsatira za ma control. Seramu yotsala musataye tsiku lomwelo. Isungeni mu furiji, mwina a dokotala abwera mawa.